PHUNZIRO: KUYAMBITSA NTHAWI YOTHAMANGA PA SUKULU YA MKAKA

Mawu oyamba

M'maparishi ambiri muli sukulu za mkaka, zimene ena amazitcha za mmera mpoyamba. Zina zimakumana m'holo, zina m'chisakasa, zina pansi pa mtengo wa mango. Ambiri mwa ife timathandizako. Ena ndife alezi, ena tili m'komiti, ena timaphika phala, ndipo pafupifupi tonse tili ndi mwana kapena mdzukulu kumeneko.

Tikamayendera sukuluzi timaona chinthu chimodzi chodetsa nkhawa. Ana a zaka 3, 4 ndi 5 amakhazikidwa pamkeka kuyambira 8 koloko mpaka 11 koloko, akubwereza mayina a miyezi ndi masiku a pasabata m'Chingerezi. Mwana akadzuka amakalipiridwa. Makolo nawo amakondwa, poti mwana akafika kunyumba amalakatula zimene waloweza, iwo n'kumati ndalama yathu sikupita pachabe.

Kuloweza si koipa ayi. Koma mwana wamng'ono sayenera kukhala malo amodzi maola 3. Phunziro lathu likufotokoza m'mene tingayambitsire nthawi yothamanga pa sukulu zotere. Mfundo yake ndi imodzi, ndipo tiisunge pamtima: mphindi 15 tsiku lililonse, mwana aliyense, popanda woyamba kapena womaliza.

1. Zimene thupi la mwana limafuna

M'chaka cha 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo okhudza ana osakwana zaka 5. Pa ana a zaka 3 ndi 4, malangizowo akuti:

a. Azigwiritsa ntchito thupi lawo kwa mphindi zosachepera 180 patsiku, ndiwo maola 3, osati nthawi imodzi koma apa ndi apo tsiku lonse.
b. Mwa mphindi zimenezi, zosachepera 60 zikhale za masewero amphamvu, amene amachititsa mtima kugunda msanga.
c. Asamangike malo amodzi kupitirira ola limodzi, ndiponso asakhale pansi nthawi yaitali.
d. Kuonera kanema kapena foni kusapitirire ola limodzi patsiku, ndipo kukachepa kuposa apo ndiye bwino.
e. Azigona maola 10 mpaka 13.

Chifukwa chake n'chiyani? Fupa limakhwima likamanyamula thupi. Mwana akathamanga ndi kudumpha, mafupa a miyendo ndi a m'chiuno amalimba, minofu imakula, mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito. Komanso kuthamanga ndi luso lochita kuphunzira. Mwana amayamba kuthamanga asanakwanitse zaka 2, koma amangogwaigwa. Kukhota, kuima mwadzidzidzi, kuzemba mnzake ndi kudumpha ndi mwendo umodzi amaziphunzira pakati pa zaka 3 ndi 5, ndipo amaziphunzira pozichita. Mwana amene wasewera mokwanira amadya bwino, amagona bwino, ndipo akabwerera pamkeka amamvetsera nthano mwabata.

Tidziwenso kuti mwana wamng'ono sathamanga ngati munthu wamkulu. Amaliyatsa liwiro kwa kanthawi kochepa, kenako n'kuima kuti aone chiwala, n'kuyambanso. Umenewu si ulesi. Ndi m'mene thupi lake limagwirira ntchito, ndipo dongosolo lathu liyenera kutsata zimenezi.

Mwina wina anena kuti, "Ana athu amathamanga kale tsiku lonse, nanga izi n'zachiyani?" N'zoona kwa ana ambiri, koma si onse. Alipo atsikana amene akaweruka amauzidwa kukhala pakhonde kuyang'anira khanda. Alipo amanyazi amene amangoima pambali anzawo akamasewera. Alipo olumala amene sachoka pakhomo. M'matauni alipo okhala m'nyumba za mipanda, amene amapatsidwa foni kuti asavutitse. Nthawi yothamanga ya kusukulu imawafikira onsewa.

2. Chitsanzo cha ku Stirling

Maganizo amenewa adayesedwapo kale kwina. Mu Febuluwale 2012, pa sukulu ya pulayimale ya St Ninian's mumzinda wa Stirling ku Scotland, munthu wina wothandiza pasukulupo adauza mphunzitsi wamkulu, Mayi Elaine Wyllie, kuti ana ake ndi ofooka. Mayiwo adatulutsa kalasi imodzi kuti izungulire bwalo, ndipo adaona okha kuti ana ambiri adalephera kulizungulira ngakhale kamodzi.

Adagwirizana ndi anawo kuti ayese kutuluka tsiku lililonse kwa mphindi 15, kuthamanga kapena kuyenda mofulumira, kwa mwezi umodzi. Patatha masabata 4 kusintha kudaoneka. Makalasi ena adayambanso, ndipo pambuyo pake ana a mkaka a pasukulupo adalowa nawo. Dongosololi lidatchedwa The Daily Mile chifukwa ana ambiri okulirapo ankakwanitsa mtunda wa mailo imodzi, ndiwo makilomita 1.6, pa mphindi 15 zija. Lidafalikira ku sukulu zikwizikwi m'mayiko ambiri.

M'chaka cha 2018 akatswiri a ku mayunivesite a Stirling ndi Edinburgh adafalitsa zimene adapeza atayerekeza sukulu ya pulayimale imene idayamba dongosololi ndi ina imene sidayambe. Ana a pa sukulu yoyambayo adawonjezera mphindi pafupifupi 9 za masewero amphamvu patsiku, ndipo nthawi yongokhala pansi idachepa ndi mphindi pafupifupi 18.

Chimene chidathandiza kuti dongosololi lisafe ndi kuphweka kwake. Silifuna ndalama. Ana sasintha zovala. Silifuna mphunzitsi wapadera wa masewero. Si mpikisano. Zinayi zimenezi tingazitenge monga zilili. Koma mailo ija tiisiye, chifukwa ndi muyeso wa ana aakulu. Kwa ana a mkaka timawerenga mphindi, osati mtunda.

3. Kusiyana kwa kwathu kuno

Ku Stirling nkhawa inali yoti ana sagwiritsa ntchito thupi lawo. Kwathu pali nkhawa inanso, imene tiyenera kuiyang'ana tisanayambe. Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 m'Malawi anali okwinimbira, ndipo 63 mwa 100 a miyezi 6 mpaka 59 anali ndi magazi ochepa m'thupi. Ndiye kuti pamkeka paja, pakati pa ana ooneka ngati ali bwino, pamakhala ena amene thupi lawo likuperewera kale.

Choncho lamulo loyamba ndi ili: mwana wanjala asathamangitsidwe. Kuthamanga ndi phala ziyendere limodzi. Ngati phala limapsa msanga, ana amwe kaye, apume kwa theka la ola akumvetsera nthano, kenako atuluke. Ngati limapsa mochedwa, tipemphe makolo kuti mwana alawe kanthu asanachoke pakhomo, kaya mbatata, nthochi, chinangwa chophika kapena mkute wotenthetsa bwino. M'miyezi ya njala, makamaka Januwale ndi Febuluwale, ngati pasukulu palibe phala ndipo ana akubwera osadya, tichepetse nthawi ndi mphamvu ya masewero. Komiti iyambe yafunafuna ufa, soya kapena nsinjiro, zothamanga pambuyo.

4. Kukonzekera

Makolo. Tiyambe ndi msonkhano wa makolo, komiti ndi alezi, ndipo amfumu adziwitsidwe. Tiwafotokozere kuti maphunziro sakuchepetsedwa, tangotengapo mphindi 15. Tiwapemphe atiuze mwana amene ali ndi mphumu, khunyu, vuto la mtima kapena amene amadwaladwala. Zimene atiuzazo zisakhale nkhani ya pachitsime. Ndi bwino kuitananso mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti aone mabuku a kusikelo a ana onse.

Bwalo. Tisankhe malo osalala, amene mlezi ataima pakati angathe kuona mwana aliyense. Akhale kutali ndi msewu, chitsime, dzenje la zinyalala, ndiponso kutali ndi moto wophikira phala. Tizule zitsa, titole misomali, minga ndi mabotolo osweka, tikwirire maenje. Njira yozungulira ikhale ya mapazi 60 mpaka 80 a munthu wamkulu. Tiilembe ndi phulusa, kapena tiike mabotolo apulasitiki odzaza mchenga m'makona. Miyala ndi njerwa ayi, chifukwa mwana akagwerapo amatemeka.

Mapazi. Nsapato zothamangira si zofunika, ndipo mwana asabwezedwe chifukwa alibe. Patapata ndiye woopsa, poti amavuka n'kugwetsa mwana. Ngati ana athamanga opanda nsapato, bwalo likhale losesedwa tsiku lililonse ndipo pasakhale chimbudzi cha anthu kapena cha ziweto, chifukwa mtundu wina wa njoka zam'mimba umalowera pakhungu la kuphazi, ndipo njoka zimenezi zimatha magazi. Kumene kuli matekenya, alezi aziona mapazi a ana kamodzi pasabata.

Madzi. Pakhale ndowa yovundikira ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndi kapu yotungira yosiyana ndi yomwera. Ana amwe asanayambe ndiponso akamaliza. Ana aang'ono akatengeka ndi masewero sanena kuti ali ndi ludzu, choncho tisadikire kuti apemphe. Pakhalenso mpondagiya ndi sopo kuti asambe m'manja asanadye.

Nthawi. Ikhale yomweyo tsiku lililonse, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kuti ana aizolowere. Mu Okutobala ndi Novembala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, tithamange 9 koloko isanakwane, ndipo ngati n'kotheka pamthunzi. Mvula ikagwa, tisunthe mikeka n'kudumpha ndi kuvina m'kati momwemo. Kukamachita ziphaliwali ana asatuluke.

Akuluakulu. Pafunika anthu osachepera 2. Mmodzi aziyenda ndi ana a m'mbuyo, wina aime poonekera. Ifenso tizisuntha nawo. Agogo akamayenda mofulumira atamanga chitenje, ana amaseka n'kuwatsatira, ndipo mawondo a agogowo amapindulanso.

5. Ndondomeko ya masabata 4

Sabata yoyamba, mphindi 5. Cholinga n'choti ana adziwe njira ndi zizindikiro ziwiri: kuwomba m'manja kamodzi ndiye kuti yambani, kawiri ndiye kuti imani. Onse azizungulira mbali imodzi kuti asagundane.

Sabata yachiwiri, mphindi 8. Tisakanize kuthamanga ndi kuyenda. Mlezi atchule nyama, ana n'kuitsanzira: kalulu ndiye kuthamanga, kamba ndiye kuyenda pang'onopang'ono, chule ndiye kudumpha, njovu ndiye kuponda mwamphamvu. Kusinthasinthaku kumapatsa mwana mpata wopuma iye osadziwa.

Sabata yachitatu, mphindi 12. Tiwonjezere kuwerenga. Mwana akazungulira kamodzi atole chitsononkho chimodzi n'kuchiponya m'dengu la onse. Pomaliza tiwerenge pamodzi mokweza. Tikatero masamu aphunziridwa, ndipo chiwerengerocho ndi cha kalasi yonse, osati cha mwana mmodzi.

Sabata yachinayi, mphindi 15. Tiyambe ndi mphindi 2 zoyenda ndi kutambasula manja, kenako mphindi 10 zothamanga mosakaniza, n'kumaliza ndi mphindi 3 zoyenda pang'onopang'ono ndi kumwa madzi.

Kuti ana asatope nazo, masiku ena tilowetsepo masewero athu akale. Chipako chimaphunzitsa kuzemba ndi kukhota. Phada amaphunzitsa kudumpha ndi mwendo umodzi. Jingo ndi wa ana a zaka 5, ndipo aang'ono angayambe ndi kulumpha chingwe chogonekedwa pansi. Koma tisinthe lamulo limodzi: amene wagwidwa kapena walakwitsa asatuluke m'masewero. Adumphe katatu pomwepo n'kubwereramo. Tikamatulutsa ogwidwa, mwana wofooka, amene akufunika masewerowo koposa onse, ndiye amayamba kukhala pansi.

6. Zinthu zitatu zoti tipewe

Choyamba, mpikisano. Tikangonena kuti tione amene ayambe kufika, ana 3 amakondwa, ena onse n'kuphunzira kuti kuthamanga si kwawo. Pa msinkhu umenewu wopambana nthawi zambiri amangokhala amene adabadwa miyezi ingapo patsogolo pa anzake. Tiyamikire kuyesetsa, ndipo titchule mwana aliyense dzina lake.

Chachiwiri, chilango. Tisamuuze mwana wolakwa kuti azungulire bwalo, ndiponso tisamumane nthawi yothamanga chifukwa walephera kuloweza. Chinthu chimene chasanduka chilango mwana amadana nacho mpaka kukula.

Chachitatu, kusiya ena pambali. Atsikana athamange chimodzimodzi ndi anyamata, ndipo ngati diresi likuwavuta, makolo awaveke kabudula m'kati. Mwana wovutika kuyenda azungulire pa liwiro lake, kapena agwirane dzanja ndi mlezi. Wosamva aziona nsalu yokwezedwa m'malo mwa kuwomba m'manja. Wa khungu la chialubino avale chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, ndipo asewere pamthunzi. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

7. Diso la mlezi

Apa ndi pamene ife amene tidagwirapo ntchito ya unamwino tikufuna kutsindika. Mwana wodwala akakhala phee pamkeka amaoneka ngati mwana waulemu. Pabwalo sabisika. Tidaonapo kamtsikana ka zaka 4 kamene kankangothamanga theka la bwalo n'kukhala pansi, tsiku ndi tsiku. Alezi ankati ndi kaulesi, ndipo ifenso poyamba tidaganiza choncho. Tsiku lina titakatambasula dzanja tidaona chikhatho chili mbuu. Kuchipatala adapeza kuti magazi ndi ochepa kwambiri. Katalandira chithandizo, patapita miyezi ingapo kankazungulira bwalo ndi anzake. Tikadakakakamiza kuthamanga, kapena tikadangokasiya pamkeka, sitikudziwa kuti zikadatha bwanji.

Choncho m'mawa uliwonse, ana asanatuluke, mlezi awayang'ane mmodzimmodzi. Mwana asathamange tsiku limenelo ngati:

a. watentha thupi;
b. akutsegula m'mimba kapena kusanza;
c. akutsokomola ndi kupuma mofulumira;
d. akutsimphina kapena ali ndi bala kuphazi;
e. wangochira kumene malungo ndipo akadali wofooka.

Makolo auzidwe kuti apite naye kuchipatala tsiku lomwelo ngati tiona izi:

a. kutentha thupi, chifukwa malungo sadikira mawa;
b. zikhatho ndi m'kati mwa zikope muli moyera;
c. mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akupuma ka 40 kapena kupitirira apo pa mphindi imodzi atakhala phee;
d. mapazi onse awiri atupa, ndipo tikadina ndi chala pamatsala kadzenje;
e. milomo ikuda, chifuwa chikulira ngati wenzulo, kapena wakomoka pothamanga.

Mwana amene amatopa msanga kuposa anzake tsiku ndi tsiku, kapena amakonda kunjuta pansi akathamanga pang'ono, nayenso aonedwe ndi achipatala, ngakhale asakudandaula. Mwana wa mphumu saletsedwa kusewera. Ayambe pang'onopang'ono, apewe fumbi ndi utsi, ndipo mankhwala ake opopera akhale pafupi. Wa khunyu nayenso asewere. Akagwa, tichotse zinthu zimene zingamupweteke, timugoneke chammbali, ndipo tisamuike kanthu m'kamwa. Kugwako kukapitirira mphindi 5, tithamangire naye kuchipatala. Khunyu si lopatsirana.

8. Ngozi zazing'ono

Ana adzagwa ndithu, ndipo kugwa kumodzi kusathetse dongosolo lonse. Bala la pabondo titsuke ndi madzi oyera ndi sopo mpaka dothi lonse lichoke, kenako tiphimbe ndi kansalu koyera. Tisathirepo dothi, phulusa kapena ndowe, poti zimenezi zingabweretse kafumbata. Mwana akatuluka kamfuno, akhale tsonga, aweramitse mutu pang'ono kutsogolo, ndipo titsine mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10. Akagunda mutu kenako n'kumasanza kapena kuodzera modabwitsa, apite kuchipatala msanga. Akafooka ndi dzuwa, timuike pamthunzi, timasule zovala, timupukute ndi nsalu yonyowa, ndipo ngati ali maso timumwetse madzi pang'onopang'ono. Chilichonse chimene chachitika, kholo limve kwa ife tsiku lomwelo, lisamve kwa ana anzake.

Pomaliza

Pakhale kope limodzi lolembamo tsiku, mphindi zimene ana asewera, chiwerengero cha ana, ndi mayina a amene sadathamange pamodzi ndi chifukwa chake. Dzina likabwera katatu pasabata imodzi, mlezi ndi mayi mmodzi wa m'komiti akacheze kunyumba kwa mwanayo. Kope limeneli ndi limene lidzatisonyeze ngati tikupindula, ndiponso ndi limene lidzatithandize kupeza mwana wodwala nthawi ikadalipo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Pa sukulu ya mkaka ya kwathu, ana amakhala pansi nthawi yaitali bwanji asanadzuke? Ndani wa ife adawerengapo?
2. Ndi ana ati m'dera lathu amene sasewera ndi anzawo, ndipo chimawaletsa n'chiyani?
3. Kholo likadandaula kuti mwana adabwera kudzaphunzira osati kudzathamanga, tingaliyankhe bwanji mwaulemu?
4. M'miyezi ya njala, tingatani kuti phala lisasowe?

Ntchito ya mwezi uno

Gulu lililonse lisankhe amayi 2 oti akayendere sukulu ya mkaka imene ili pafupi. Akakhale m'mawa wonse, akaone bwalo, madzi ndi nthawi imene phala limapsa, ndipo akakambirane ndi alezi za tsiku loyambira sabata yoyamba. Pa msonkhano wotsatira adzatiuze zimene adaona, ndipo adzabwere ndi kope lija.